Mangawa a khutu kwa asilikali athu okalamba



Ndiyambe ndi maina amene timawatchula tsiku ndi tsiku osawaganizira. Mukakwera minibasi ya ku Kabwata kapena ku Chilenje mumamva za Burma Road. Pafupi ndi State House pali Arakan Barracks. Ife a kum'mawa timadziwa kuti ku Chipata kuli Gondar Barracks, ku Kabwe kuli Chindwin, ndipo ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa. Maina amenewa si Chichewa, si Chibemba, si Chitonga, ndipo si Chingerezinso ayi. Kodi munayamba mwafunsapo kuti anafika bwanji kwathu kuno?

Onsewa ndi malo a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tug Argan ndi mpata wa pakati pa mapiri ku Somaliland, kumene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi Ataliyana mu Ogasiti 1940, ndipo nkhondo itawakulira anabwerera mpaka ku doko la Berbera. Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia umene Ataliyana anaukakamira kufikira Novembala 1941. Chindwin ndi mtsinje wa ku Burma, dziko limene lero likutchedwa Myanmar. Kalewa ndi tauni ya m'mbali mwa mtsinjewo, ndipo Arakan ndi dera la m'mphepete mwa nyanja m'dziko lomwelo. Anyamata a ku Fort Jameson, Petauke, Lundazi ndi madera ena a dziko lino, amene nyanja yamchere ankangoimva m'makutu, anatengedwa kupita ku Kenya, nakwezedwa sitima za pamadzi mpaka ku Ceylon, kenako ku Burma. M'chaka cha 1944 anayenda m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosakata, m'matope ndi malungo, akumenyana ndi Ajapani, anthu amene sanayambanepo nawo za munda kapena za mbuzi.

Nkhondoyo inatha mu 1945. Werengani nokha: mnyamata amene anali ndi zaka 18 chaka chimenecho, lero akuyandikira zaka 100. Ndiye kuti pafupifupi onse anagona. Ena atabwerako anapita kumidzi, koma ena anadzafuna ntchito kuno ku Lusaka, ya ulonda, ya udalaivala, ya umesenjala, nakalambira m'makomboni mwathu momwemu. Amai a ku Matero ndi ku Kalingalinga amene muli a msinkhu wanga mukuwakumbukira agogo otere, oyenda chowongoka ngakhale ndodo ili m'manja, a nsapato zopolishidwa bwino ngakhale zili zong'ambika. Maina a malo amene anavutikako anatsala pa zipata za makampu a asilikali. Zimene anaona kumeneko, zambiri zinalowa nawo m'manda ku Chingwere ndi ku Leopards Hill.

Funso langa lero ndi ili: kodi kumvetsera munthu wokalamba amene anapita ku nkhondo ndi chifundo chabe, chimene tingachite tikapeza mpata, kapena ndi mangawa? Ine ndikuti ndi mangawa. Koma ndi mangawa ovuta, pakuti wobweza sasankha yekha kabwezedwe kake.

Wina anena kuti, ngati onse anamwalira, nanga tikukambiranji? Komatu asilikali okalamba sanathe. Dziko lathu timalitcha la mtendere, ndipo tiyamika Mulungu chifukwa cha chimenecho, koma mawu amenewa asatiiwalitse kuti m'zaka za m'ma 1970 nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inkamenyedwanso pa nthaka yathu. Mu Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira Kavalamanja m'boma la Luangwa, ndipo asilikali athu ena anafera pomwepo. Pa 19 Okutobala 1978 ndege zawo zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi kupha anthu mazanamazana. Mu Epulo 1979 analowa mu mzinda uno ndi kuphwanya nyumba imene Joshua Nkomo ankakhalamo, ndipo chaka chomwecho anagumula milatho, kuphatikizapo wa pa Chambeshi. Ena mwa asilikali athu anatha zaka m'nkhalango za ku North-Western kusaka Adamson Mushala ndi gulu lake, kufikira pamene anaphedwa mu Novembala 1982, ndipo kumeneko mfuti inkaloza Mzambia mnzawo. Ena analondera malire a kum'mawa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene zigawenga za Renamo zinkadumpha malire ndi kupha anthu m'midzi, anthu othawa ku Mozambique akudzaza ku Ukwimi. Ena anatumizidwa kukasungitsa mtendere ku Sierra Leone, kumene mu Meyi 2000 mazana a iwo anagwidwa ndi zigawenga.

Anthu amenewa ali moyo, ambiri ndi a zaka za m'ma 60 ndi 70. Amakhala ku Chawama, ku George, ku Mtendere, ku Kanyama. Ena ndi akulu a mpingo, ena amakhala pa benchi ya kumbuyo. Ndipo musaganize za abambo okha. M'zaka zomwezo ana omaliza Fomu 5, anyamata ndi atsikana omwe, ankakakamizidwa kupita ku Zambia National Service kukaphunzira usilikali. Chotero pakati pathu m'Chigwirizano pali amai amene anagwirapo mfuti ndi kukwawa m'fumbi atavala yunifolomu ina, osati ino yathu. Kodi mukuwadziwa a m'chigawo chanu?

Chifukwa choyamba chimene ndikunenera kuti ndi mangawa ndi chakuti anthu otere salembedwa. Mabuku a nkhondo amalembedwa ndi akuluakulu a nkhondo, ndipo m'masiku a atsamunda akuluakuluwo anali Azungu. Timaphunzitsa ana kuti mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anadzipereka ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Dzina lake lilipo, tsiku lake lilipo. Nanga amtengatenga zikwizikwi amene anasenza ufa ndi zipolopolo pamutu kupita ku malire a kumpoto, ambiri nafera m'njira ndi njala ndi matenda, maina awo ali kuti? Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa ndi ku Middle East, amene anafa pa nkhondo yoyamba ija, sanakumbukiridwe ndi maina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Boma la Britain linapepesa. Kupepesa n'kwabwino, koma dzina limene silinalembedwe ndipo palibe amene analisunga pamtima, ngakhale boma lolemera silingalibweze.

Chifukwa chachiwiri ndi cha malipiro. Mu 2019 atolankhani a Al Jazeera ndi The Guardian anatulutsa zimene zinapezeka m'makalata akale a boma la Britain, zoti pa ndalama yothokozera asilikali nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankapatsidwa mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankapatsidwa mashilingi 3 ndi theka. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma cholembera cha wolipira chinasankha. Ife amai a m'komboni sitingakonze zimenezo. Sitingawonjezere penshoni ya wina aliyense. Koma munthu amene anatumidwa kukaika moyo wake pachiswe m'dzina la anthu ena amayembekeza zinthu ziwiri pobwera: kuti amulipire, ndi kuti amufunse kuti, "Kunali bwanji kumene tinakutumani?" Chachiwirichi sichifuna bajeti ya boma. Mwana amene mwamutuma kumsika mumamufunsa mmene wayendera. Nanga amene anatumidwa ku imfa?

Monga mphunzitsi wa kusekondale ndionjezepo ichi. Ana athu amatha kutchula chaka chimene Hitler analowa ku Poland ndi mfundo za pangano la Versailles, chifukwa zimabwera pa mayeso. Koma mukafunsa kuti ndani ali ndi agogo kapena amalume amene anali msilikali, manja amakwera angapo, ndipo mukafunsanso kuti anamenyera kuti, manja onse amatsika. Si ana ali ndi mlandu. Mwana amafunsa zimene amamva akuluakulu akufunsa.

Tsopano ndibwere ku zotsutsa, pakuti zilipo ndipo si zopepuka.

Choyamba ndi cha katundu amene tasenza kale. Mai wa ku Kanyama amene amadzuka mbandakucha kupita ku Soweto Market, ali ndi ana amasiye atatu m'nyumba ndi lendi yosalipira, angandiuze kuti mbiri yakale siphika nsima. Ndikumumva. Sindikupempha komiti ina kapena chopereka china. Koma tinene zoona: nthawi ya ukwati, ya kitchen party ndi ya chilimba timaipeza. Masana amodzi pa mwezi sangatigwetse.

Chachiwiri n'cholemera kuposa apo. Kodi tili ndi ufulu wotokosa chilonda chimene mwini wake anachiphimba zaka 40? Alipo abambo amene sananenepo kanthu ngakhale kwa akazi awo. Amangodzidzimuka usiku, kapena kutuluka m'nyumba ana akayamba kuphulitsa makombola a pa Chaka Chatsopano. Madokotala lero ali ndi dzina la matenda amenewa a m'maganizo, koma kale ankangoti, "Anabwerako mutu utasokonekera." Munthu wotere mukamufikira ndi foni m'manja ndi mafunso khumi, mwamulanda chinthu chotsiriza chimene anatsala nacho, ndicho ulamuliro pa nkhani yake. Apa ndi pamene ndinati wobweza mangawa sasankha kabwezedwe. Nkhaniyo ndi yawo, si yathu, si ya adzukulu, si ya dziko. Akafuna kuiyamba ndi za chakudya cha m'sitima ndi kuthera pomwepo, zikhale choncho. Akakana, takanidwa, ndipo tibwererenso mwezi wamawa osati kudzafunsa koma kudzacheza. Komabe pali kusiyana pakati pa munthu amene wasankha kukhala chete ndi munthu amene ali chete chifukwa palibe anamufunsapo. Kunja amaoneka chimodzimodzi. Simungadziwe kuti uyu ndi uti kufikira mutakhala pansi pambali pake, ndipo nthawi zambiri osati kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu: ena amati agogo otere amakometsera, makamaka akalawako pang'ono. Lero anapha adani asanu, mawa ndi khumi. Inde, zimachitika, ndipo chikumbumtima cha munthu wa zaka 75 chimasakaniza zaka ndi malo. Koma ife sitikupita ngati oweruza a khoti. Chaka cholondola chikhoza kupezeka m'mabuku kapena ku National Archives. Chimene sichingapezeke kumeneko ndi fungo la msasa utatha kuphulitsidwa, dzina la mnzawo amene anagawana naye ndudu m'mawa n'kumuika m'manda madzulo, kapena zimene amai awo ananena powaperekeza pa basi. Ndaonanso kuti nkhani yokometsera ija kawirikawiri imakhala ya pagulu, yoseketsa anyamata pa kantemba. Gulu likabalalika, mwatsala inu nokha ndipo simukuseka, pamatuluka nkhani ina, yaifupi, yopanda ngwazi.

Chachinayi ndicho chimandilemera koposa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuchiwerenga ndi mtima wowawa. Si msilikali aliyense wokalamba amene anali munthu wabwino kunyumba. Alipo amai amene anamenyedwa ndi manja omwewo amene ankagwira mfuti. Alipo ana amene anakula akuthawa bambo awo akamabwera ku mowa. Alipo anthu amene anachitidwa nkhanza pa malodibuloko m'masiku a mantha aja. Ndipo agogo a ku Burma aja anamenyera ufumu womwe unkatipondereza. Kodi otere tiwapatse khutu ngati kuti ndi oyera mtima?

Kumvetsera si kulungamitsa. Mukhoza kumva zonse zimene munthu anakumana nazo popanda kunena kuti zimene anachita kwa mkazi wake zinali zoyenera. Ndipo sindikuuza mai amene anavulazidwa kuti ndiye apite akakhale pa mapazi a womuvulaza. Ameneyo mangawa ali kwa iye, osati iye kwa wina. Apite ena. Koma pali chinanso. M'mabanja ambiri otere ana amadziwa nkhanza zokha, osadziwa kumene zinachokera, ndipo mkwiyo umatsikira kwa adzukulu ngati cholowa chopanda dzina. Mwana wamkazi wa zaka 50 akamva kwa nthawi yoyamba zimene bambo ake anaona ku Luangwa ali ndi zaka 20, mwina sakhululuka tsiku lomwelo, mwinanso sakhululuka konse, koma amaleka kudzifunsa kuti analakwa chiyani iye ali mwana. Ndiponso bambo amene anapha munthu, ngakhale pa lamulo, amanyamula chinthu chimene safuna kulowa nacho m'manda. Ena amafuna kuchitula asanafe, ndipo amayang'ana munthu amene sadzanyansidwa kapena kuthamangira kuwatonthoza. Munthu wotero ndi wosowa kuposa sopo ndi shuga.

Apa ndikhudze mayendedwe athu a kwa odwala ndi okalamba. Timachita bwino, ndipo ambiri amadya chifukwa cha ife. Timafika asanu ndi mmodzi kapena khumi, titavala yunifolomu, timaimba, mmodzi awerenga Mawu, wina alimbikitsa, wina apemphera, tipereka kathumba ka ufa, kenako, "Tsalani bwino agogo, tili ndi nyumba zina zitatu." Mu ola lonselo mwini nyumba wanena mawu angati? "Zikomo" ndi "Amen." Tabwera ndi pakamwa, khutu tasiya kunyumba. Kumbukirani abwenzi a Yobu. Chinthu chanzeru chimene anachita ndi chija cha pa Yobu 2:13, pamene anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu. Zinayamba kulakwika pamene anatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa cha mavuto ake. Msilikali wokalamba akakuuzani kuti mnzake anafera m'manja mwake, musafulumire kunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Mufunseni dzina la mnzakeyo, ndi kwawo.

Chaka chilichonse mu Novembala, Lamulungu loyandikira tsiku la 11, akuluakulu a boma ndi akazembe amasonkhana pa chipilala cha chikumbutso pa Independence Avenue, amaika nkhata za maluwa ndi kukhala chete mphindi zochepa. Ndi mwambo wabwino, koma chete ameneyo ndi wa akufa. Amoyo akufuna chete wa mtundu wina, wa munthu amene wakhala pa mpando wa m'nyumba mwawo ndipo sakuyang'ana nthawi.

Ngati mwafuna kuyesa, mupite awiri, osapitirira apo, ndipo ndi bwino mmodzi akhale wodziwana ndi banjalo. Musayambe ndi funso lakuti, "Kodi munapha anthu?" Limenelo ndi funso la ana. Yambani ndi zapafupi: "Atate, munalowa usilikali muli ndi zaka zingati? Anakulembani kuti? Kunyumba anati chiyani?" Funsani za chakudya, za nyimbo za pa pelete, za makalata. Zolemera zimadza zokha m'mbuyo mwa zopepuka. Ngati mukufuna kujambula mawu pa foni kapena kulemba m'kope, pemphani kaye, ndipo munene poyera amene adzamve. Akati ichi chokha musalembe, ikani cholembera pansi. Zimene mwalemba muwawerengerenso kuti akonze okha, ndipo kope likhale la banja lawo. Chimene mwamva m'nyumbamo chisakhale nkhani ya pa mpopi, kapena "chopempherera" cholengezedwa ndi dzina pa msonkhano wathu. Tonse tikudziwa mmene miseche imavalira chitenje cha pemphero.

Musaiwale akazi awo ndi amasiye. Mai amene anatsala ndi ana aang'ono m'nyumba ya ku kampu, akumva ndege usiku nyale zitazimitsidwa, osadziwa ngati mwamuna wake ali ku Chirundu kapena ku Luangwa, nayenso anamenya nkhondo yake. Kawirikawiri iye ndiye amasunga zimene mwamuna ananena kamodzi kokha pakati pa usiku. Ndipo kwa agogo a ku Burma ndi ku Somaliland aja, amene atsala ndi nyenyeswa za nkhani zawo ndi ana awo aakazi amene anawadwazika, amene tsopano nawonso ndi agogo. Amenewa tili nawo m'mizere yathu yomwe.

Chotsiriza ndi cha sutikesi. Pafupifupi msilikali aliyense wakale ali ndi kabokosi kachitsulo kapena sutikesi pansi pa bedi, mmene muli kabuku kake kotulukira usilikali, nambala yake, zithunzi ziwiri kapena zitatu, mwina ndi mamendulo. Ku Kanyama ndi ku Chawama madzi a mvula amalowa m'nyumba pafupifupi chaka ndi chaka, ndipo choyamba kunyowa ndi chimene chili pansi pa bedi. Zimene zapulumuka madzi zimathera pa maliro. Pogawa katundu achibale amalimbirana jekete, wailesi ndi malata, mapepala akale n'kukhala oyatsira mbaula. Ife a Chigwirizano timakhalapo pa maliro onsewa, timagona m'nyumba ya siwa, ndipo mawu athu amamveka. Tikhoza kuuza banja kuti mapepala ndi zithunzi aziike m'pulasitiki, azikweze pamwamba, ndipo asankhe mwana mmodzi wozisunga. Koma chithunzi cha anyamata asanu a yunifolomu ataimirira pambali pa lole sichinena kanthu ngati amene akudziwa maina awo wapita. Mwini wake akadali moyo, mupatseni chithunzicho m'manja, inu mutenge pensulo, mulembe kumbuyo kwake maina monga akuwatchulira, kuyambira kumanzere.